Mabuloko a Mlongo Wanga

Ntchito ya ku Nkana West ndinaipeza ndine. Ndikamakamba nkhaniyi ndimayamba ndi mawu amenewa, ndipo mkazi wanga amandiseka, amati palibe munthu amene anatsutsapo. Komabe ndimayamba nawo.

Nyumbayo inali imodzi mwa zija zakale za akuluakulu a pa mgodi, ya khonde lalitali ndi mitengo ya mango kumbuyo. Anaigula mayi ena a bizinesi ya malole onyamula katundu, obadwira m'tauni momwemo, olankhula Chibemba chothamanga ngati basi ikuwasiya. Ankafuna kuisandutsa maofesi. Ine ndinali nditawakonzerapo foni kawiri ku kaofesi kawo kakale, choncho atayamba kugwetsa makoma anandiitana. Zipinda zisanu ndi zinayi, chilichonse foni yake ndi malo awiri olumikizira makompyuta.

Za mafoni sindinkaopa. Ndinali nditagwira ntchitoyo zaka makumi awiri, ndipo anandiphunzitsa ndi atate, amene anakonza mafoni a pa mgodi kuno ku Kitwe kuyambira pomwe anachoka kwathu ku Katete mpaka tsitsi lawo litachita imvi. Koma za makompyuta ndinkangodziwa pamwambamwamba. N'chifukwa chake ndinaimbira mlongo wanga.

Mlongo wangayo ndi chitsiriza m'banja mwathu. Ine ndine woyamba, ndipo timasiyana zaka khumi ndi chimodzi. Nthawi imeneyo anali atangomaliza maphunziro a mawaya a makompyuta ku koleji ku Ndola. Mapepala anali nawo, ntchito analibe. Ankakhala ndi atate ku Nkwazi, ku Ndola komweko, komwe anasamukira atapuma pantchito, amai atatisiya. Ine ndinkaona kuti ndikumuchitira chifundo. Ndinauzanso mkazi wanga kuti, "Abwere adzaone mmene ntchito yeniyeni timaigwirira."

Tsiku loyamba anabwera ndi atate. Iwo atamva dzina la msewu anakana kutsala kunyumba, ngakhale maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. Anavala jekete lawo la ku Misa. Titafika pa geti anaima, nayang'ana nyumbayo nthawi yaitali.

"Muno ndinaikamo foni," anatero. "Yakuda, pa kathebulo m'kolido. Ndinalowera kukhitchini."

Tsiku limenelo analowera kutsogolo, eni nyumba atawagwira mkono pa masitepe.

Tinasankha kachipinda kamene kale ankasungiramo zakudya, pafupi ndi khitchini, kuti makebulo onse a m'nyumbamo azikathera mmenemo. Pa ntchito yathu kebulo ikachoka m'chipinda imadutsa kudenga n'kukafika pamalo amodzi, ndipo pamenepo timakhomera pakhoma zinthu zapulasitiki za mano achitsulo zimene timazitcha mabuloko. Waya sitimusenda. Timamugoneka pa dzino n'kumukankhira m'kati ndi chitsulo chogwira m'manja chotchedwa pancha, ndipo dzinolo limaboola khungu la wayayo n'kuluma mkuwa. Mabuloko alipo a mitundu ingapo, ndipo mtundu uliwonse uli ndi pancha yakeyake. Eni nyumba atatimva tikungotchula mabuloko anadandaula kuti tikufuna kuwamangira khoma lina pomwe iwo angogwetsa atatu. Tinaseka tonse.

M'katoni ya makina a mafoni amene mayiwo anagula kwa munthu wina munali mabuloko aja timati a 66, a mano ataliatali oonekera poyera. Ndinawakankhira pambali ndi phazi, mlongo wanga nagwedeza mutu kuvomereza. Ndi akale kwambiri, oyenera mafoni okha. Pamenepo pokha ndi pomwe tinagwirizana.

Ndinatsegula bokosi langa n'kutulutsa anga, aja a LSA, oyera, a mano opendekera. Amenewa ndi omwe atate anandiphunzitsira ntchito. Ndinayamba kufotokoza, ndikuyang'ana eni nyumba. Ndinati mano ake amaluma waya chopingasa, mbali zonse ziwiri, moti ngakhale mgodi ugwedeze nthaka waya satuluka. Ndinati foni ikavuta umangolowetsa kachipangizo pakati pa mano n'kudziwa ngati vuto lili m'nyumba kapena kunja, osazula waya ngakhale mmodzi. Ndinati munthu aliyense wa mafoni kuyambira ku Ndola mpaka ku Chililabombwe amawadziwa, ndiye ine nditafa mawa wina adzabwera n'kupitiriza. Zonsezi zinali zoona, ndipo mpaka lero n'zoona.

Mlongo wanga anadikira ndimalize. Kenako anatsegula chikwama chake n'kutulutsa buloko lina lomwe anabwera nalo kuchokera ku Ndola, la mtundu wa 110, lathyathyathya, ndi tizipewa take tapulasitiki ta mano timene timakhomedwa pamwamba pa mawaya. Sindinamuuze kuti abwere ndi kanthu.

"Achimwene, mabuloko anuwo ndi abwino," anatero, "koma amene muli nawowo ndi a mafoni chabe. A LSA oyenera makompyuta alipo, koma ndayenda m'masitolo a ku Ndola, kulibe, mpaka kuitanitsa kunja. Awa ali pashelefu."

"Ndiye tiike anga a mafoni, ako a makompyuta."

"Mafoni amenewa sakhalitsa. Posachedwa amai awa adzafuna mafoni oyendera pa kebulo ya kompyuta. Tikakoka kebulo ya mtundu umodzi kulikonse n'kuithera pa buloko la mtundu umodzi, malo alionse angathe kukhala a foni lero, a kompyuta mawa. Kungosuntha kachingwe basi. Tikasiyanitsa, tsiku limenelo mudzakweranso kudenga."

Anatenga kachidutswa ka kebulo n'kuonetsa mmene mawaya ake amapotedwera awiriawiri. Anati kupotako n'kumene kumateteza uthenga wa kompyuta kuti usasokonezeke, ndipo pa buloko lakelo waya amafika pa dzino ali chipotedwere. Anazinena m'Chinyanja, kenako anazibwereza m'Chibemba kuti eni nyumba amve bwino. Chibemba chake n'chosalala kuposa changa.

Ine ndinakweza mawu. Ndinati pulasitiki ya mabuloko akewo ndi yopyapyala ngati ya mbale za pa ukwati. Ndinati zinthu za m'mabuku n'zosiyana ndi fumbi la ku Kitwe. Eni nyumba ankangotiyang'ana, mmodzi kenako mnzake, mpaka anatembenukira kwa atate n'kuwafunsa mwaulemu wa Chibemba.

"Ba shikulu, imwe mukuti bwanji?"

Atate anatambasula manja onse awiri. Tinawapatsa buloko langa kumanja, la mlongo wanga kumanzere. Sanawayang'ane kwenikweni, ankangoyendetsa chala chachikulu pa mano. Langa analidziwa msanga, anamwetulira pang'ono, ndipo mtima wanga unakhala pansi. La mlongo wanga analigwira nthawi yaitali. Anamufunsa kuti kachipewa kamalowa bwanji. Anamufunsanso ngati wanenetsa zoti foni ndi kompyuta zingadyere pa kebulo imodzi. Iye anayankha zonse.

"Mverani mwanayu," anatero atate.

Anandibwezera buloko langa. Ndinaliika m'bokosi n'kutseka.

Kuyambira tsiku limenelo eni nyumba anayamba kumuitana mlongo wanga kuti "ba injiniya." Ine ankandiitana monga kale, "ba mafoni."

Ntchito tinagawana mosakambirana. Ine ndinakwera kudenga kukakoka makebulo, iye anatsala pansi kumakhoma mabuloko. Unali mwezi wa Okutobala. Pansi pa malata a nyumba imeneyo munkatentha moti ndikatsika malaya ankachita kufinyidwa. Munali fumbi la zaka zambiri, ndowe za mileme, ndi mawaya akale a nsalu amene mwina ena anakoka ndi atate omwe. Ndinkakwawa pa mitanda ndi maondo, tochi ili kukamwa. Kudzera pa kabowo ka siling'i ndinkamva eni nyumba akubwera ndi tiyi kukachipinda kaja, akucheza ndi mlongo wanga, akumufunsa za koleji, akumuuza za anzawo ena amene akufuna ntchito yonga yomweyo. Tiyi wanga ankandisiyira pawindo. Ndikatsika ndinkamupeza atazizira, ntchentche ili m'mphepete mwa kapu.

Sindinganame, ntchito yake inali yokongola. Mawaya ankatsika mwandondomeko, buluu, olenji, gilini, bulauni, mzere uliwonse utalembedwa ndi dzanja laling'onoling'ono looneka bwino. Ndinkaima kumbuyo kwake ngati ndikupukuta thukuta, koma ndikufunafuna cholakwika. Ndikanapeza waya mmodzi wopindika ndikanasangalala tsiku lonse. Sindinamupeze.

Chimene chinkandipweteka kwambiri chinali cha madzulo tikamaweruka. Atate ankaimba pa foni ya mlongo wanga tili pa siteji kudikira minibasi, iye ya ku Ndola, ine ya kunyumba. Ndinkamva mawu awo akutuluka pang'onopang'ono. Lero wakhoma angati? Nanga tesita ija yoyesera mawaya imadziwa bwanji kutalika kwa kebulo? Ankakamba mpaka basi kudzaza. Kenako iye ankati, "Achimwene ali pano," n'kundipatsa foni. Atate ankandifunsa kuti ana ali bwanji, ndi ngati wamng'ono chifuwa chija chatha. Basi. Zaka makumi awiri tinkakamba za mawaya ine ndi iwo, patebulo, pa maliro, potuluka m'tchalitchi. Tsopano ndinali bambo wa zidzukulu zawo chabe.

Mkazi wanga anaona. Tsiku lina ndikuvula nsapato anati, "Mwayamba kudana ndi mwana amene munkamuperekeza ku sukulu?"

Ndinati sindikudana ndi munthu, ndatopa chabe.

Lachinayi la sabata yachiwiri mlongo wanga anayenera kuperekeza atate kuchipatala cha maso ku Ndola. Makebulo onse anali atakokedwa, ndipo pa mabuloko panatsala mizere iwiri, makebulo khumi ndi awiri. Lachitatu poweruka anandionetsa mmene amachitira. Anagoneka mawaya, anaika kachipewa, anakhoma, kenako anandipatsa pancha yake, yachikasu, yatsopano, yopepuka.

"Mugwiritse iyi, achimwene. Yanu ija mutu wake ndi wina, ili ndi sizasi pambali. Ithyola tizipewa."

"Ndakhoma mawaya iwe usanadziwe kuwerenga," ndinatero.

Iye anaiika pashelefu n'kunyamuka.

M'mawa mwake ndinafika cha m'ma eyiti awazi. M'nyumba munali ine ndi opaka penti awiri amene anali kutsogolo. Pancha yake inali pomwe anaisiya. Ndinaitenga, ndinaiyeza m'manja, ndinaibwezera. Ndinatsegula bokosi langa n'kutulutsa yanga, imene atate anandipatsa tsiku lomwe anapuma pantchito, yotuwa, chogwirira chake chitasalala ndi manja a anthu awiri.

Ndakhala ndikudzifunsa chomwe chinali m'mutu mwanga. Ndikanakonda kunena kuti chinali chizolowezi, kuti dzanja linangopita lokha. Si choncho. Ndinkadziwa kuti sikwana. Mbali ina ya mtima wanga inkafuna kuonetsa kuti munthu wodziwa ntchito angakhome chilichonse ndi chitsulo chilichonse. Mbali inayo inkafuna mabulokowo asweke, kuti aliyense aone kuti ndinanena zoona za pulasitiki ija.

Kachipewa koyamba kanalira kuti "tswa," kaphokoso kakang'ono ngati wathyola ndodo ya machesi. Ndinaima. Ndinayang'ana ndi tochi ndipo ndinaona kamng'alu kopyapyala m'mbali mwa dzino. Pamenepo ndikanatha kukachotsa, kuika kena, kutenga pancha yachikasu ija, ndipo palibe akanadziwa. Ndinapitiriza. Tina tinkalira, tina sitinkalira. Pofika masana ndinali nditamaliza makebulo onse khumi ndi awiri. Ndinaika timapepala ta manambala pamwamba, ndinasesa tizidutswa ta waya, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Chakudya chimene mkazi wanga anandimangira sindinachitsegule.

Lachisanu linali tsiku loyesa. Eni nyumba anabwera ndi mlamu wawo kuti adzaone. Mlongo wanga analumikiza tesita yake m'kachipindamo, ine ndinkayenda chipinda ndi chipinda ndi mbali ina ya tesitayo. Zipinda zoyamba zonse zinayaka zobiriwira. Titafika pa mizere yanga kunayamba kufiira. Kwina waya mmodzi sakufika, kwina akufika n'kusowanso ukagwedeza kebulo. Mwa khumi ndi awiri aja, asanu ndi awiri anakana.

Nditabwerera kukachipindako ndinapeza eni nyumba atapinda manja.

"Ba injiniya, nanga ichi n'chiyani? Mande anthu anga akulowa muno."

Pamenepo ndinamva kukoma. Ndikuzilemba monga zinalili. Kwa nthawi yochepa chabe ndinamva kukoma kuona mlongo wanga akufunsidwa chotero pamaso pa mlendo. Ndipo ndinalankhula, osati mokweza, koma moti onse amve.

"Mabuloko amenewa ine ndinanena."

Mlongo wanga anachotsa kapepala ka manambala, nayatsa tochi ya pa foni yake. Anayang'ana mzere woyamba, wachiwiri. Anayang'ana pancha yake pashelefu, ili momwe anaigonekera. Kenako anayang'ana bokosi langa pakona. Ine sanandiyang'ane.

"Ni ine mukwai," anauza eni nyumba m'Chibemba, kutanthauza kuti wolakwa ndi iye. "Mizere iwiriyi sinakhomeke bwino. Mawa madzulo mudzapeza zonse zili bwino."

Eni nyumba anang'ung'udza pang'ono n'kutuluka ndi mlamu wawo. Tinatsala awiri m'kachipinda kosakwana anthu atatu. Ndinadikira kuti andikalipire. Ndinali nditakonzeka kale ndi mayankho. Iye anangoyamba kuzula tizipewa tija kamodzikamodzi n'kumatiponya m'thumba la chikwama chake. Atakoka kebulo yoyamba kuti adule mbali yoonongeka, inabwera mosavuta, chifukwa kudenga ndinali nditasiya kebulo iliyonse itapindidwa mkombero umodzi wapadera.

"Mwachita bwino kusiya yaitali," anatero. "Ikanakhala yokwana ndendende bwenzi tikukokanso."

Mawu okhawo. Loweruka lonse tinagwira limodzi, iye akukhoma, ine ndikumupatsira tizipewa. Pofika sikisitini awazi, folo koloko madzulo, zonse zinali zobiriwira. Kukhala chete kwake kunandikwiyitsa kuposa mmene kukalipa kukanachitira. Ndinkaganiza kuti, taonani, ngakhale pa kukhululuka wandiposa.

Lamlungu tinapita ku Nkwazi ine ndi banja langa, monga tinkachitira kamodzi pamwezi. Titachoka ku Misa, mkazi wanga ndi mlongo wanga anatenga ana kupita kumsika. Ndinatsala ndi atate pakhonde, iwo atavala magalasi akuda amene anawapatsa kuchipatala. Pamiyendo pawo panali mbale yaing'ono. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti munali tizipewa tosweka tija. Atate chiyambireni kudwala maso ankakonda kupisa m'zikwama zathu za ntchito n'kumagwiragwira zinthu. Mlongo wanga sanawauze kanthu, tizipewato anatipeza okha.

Anatenga kamodzi n'kuyendetsa chikhadabo pa mng'alu.

"Pancha ija ukadali nayo?"

"Ndili nayo, atate."

"Sizasi yake inapindika pang'ono kumanzere. Inagwa pa makwerero ku shafuti ya mgodi kalekale, iwe usanabadwe. Ikakanda chinthu imasiya kamzere kokhota." Anandipatsa kachipewako. "Taona iwe, ine maso ndilibe."

Kamzereko kanalipo.

"Chitsulo chimenecho m'manja mwanga sichinaswepo kanthu ka mwini," anatero.

Ndikanapepesa pomwepo. M'malo mwake zonse za masabata awiri zinatuluka. Ndinati ntchito ija ndinaipeza ndine. Ndinati munandichititsa manyazi pamaso pa mayi amene ankandilemekeza. Ndinati zaka makumi awiri ndatsatira zonse zomwe munandiphunzitsa, osachotsa osaonjezera, ndiye tsiku limodzi mwana akubwera ndi pulasitiki m'chikwama inu n'kuti mverani mwanayu. Ndinati mukaimba foni mumafunsa iye za ntchito, ine mumandifunsa za chifuwa cha mwana.

Atate anandisiya ndilankhule mpaka mawu atandithera. Pamsewu pankadutsa munthu wogulitsa makala panjinga, akuitanira m'Chibemba. Anadikira adutse.

"Ukanakhala wolondola ndiwe, ndikanati mverani uyu," anatero. "Unkafuna ndinamize mayi uja chifukwa ndiwe woyamba kubadwa?"

Ndinabweza kachipewa kaja m'mbale.

"Za foniyo. Iwe ndikufunse chiyani? Zonse zimene udziwa ndinakupatsa ndine. Ukatsegula pakamwa ndimadziwa kale chimene unene. Mlongo wako akudziwa zimene ine sindinazionepo, ndipo masiku anga ozionera atha. Ndimufunse ndani?"

Ndikuganiza kuti ankafuna kunditonthoza. Kwa ine zinamveka zina. Ndinamva kuti ndilibe kanthu kanga, kuti ndine atate omwewo obwerezedwa, koma ochepera. Akazi atabwerako kumsika anapeza mbale ija atate ataiika pansi pa mpando wawo. Sanaitchulenso nkhaniyo mpaka pomwe anamwalira.

Eni nyumba aja anasunga mawu awo. Anauza anzawo, anzawowo anauza ena. Mlongo wanga anagwira ntchito ku Nkana East pa sukulu ina ya mkaka, kenako ku maofesi angapo m'tauni ya Ndola, ndipo pasanapite nthawi yaitali anatsegula kakampani kake. Mafoni a ku Nkana West aja anawasinthadi, monga mlongo wanga ananenera, ndipo palibe anakwera kudenga. Ndinazimva kwa iye mwini, anazinena modutsa, koma ine ndinazisunga sabata yathunthu.

Ntchito zanga za mafoni zinkachepa chaka ndi chaka. Tsiku lina ndinakwera basi kupita ku Ndola kukagula pancha ya 110. Ku Kitwe inalipo, koma ogulitsa a m'masitolo amenewo amandidziwa, ndipo ena mwa iwo ndinawauzapo maganizo anga pa mabuloko amenewo. Ndinagulanso buloko limodzi ndi tizipewa, n'kumaphunzira ndekha kuseri kwa nyumba. Tsopano ndimakhoma bwino. Osati ngati iye.

Tinadzakamba za Lachinayi lija patapita zaka, tikuchokera kumanda kukaona pomwe tinaika atate. Tinali m'galimoto yake, akuyendetsa iye, pamsewu waukulu wa Ndola ndi Kitwe. Ndinayamba mozungulira, ndinati ku Nkana West kuja pali chinthu chimene sindinachite bwino.

"Ndinadziwa ndisanayatse n'komwe tochi," anatero, maso ali pamsewu. "Mutapita kukasamba m'manja ndinalira m'kachipinda muja."

"Bwanji sunawauze mayi aja?"

"Ndiwauze kuti achimwene anga andiswera ntchito? Ndiye Lamlungu tikakhale bwanji patebulo?"

Tinadutsa malole awiri onyamula mkuwa. Kenako anaonjezera kuti ali mwana ankaima pa geti Loweruka lililonse kutiyang'ana ine ndi atate tikupita ku ntchito ndi bokosi la zitsulo, ndipo atate sanamutengepo ngakhale tsiku limodzi. Ankati ntchito ya makwerero si ya mwana wamkazi. Anati pancha yotuwa ija ankailakalaka kuyambira ali giredi folo.

Ndinamumvera chisoni, zoona. Koma pansi pa chisonicho ndinkawerengera kuti iye anaima pa geti zaka zochepa za ubwana, pomwe ine ndatsala panja ndili munthu wamkulu wa ana anayi. Ndinangomuuza kuti achepetse liwiro, kutsogolo kuli apolisi.

Chaka chatha anandiimbira. Anali atapeza ntchito m'nyumba ina yakale ya nsanjika m'tauni ya Ndola, ndipo m'chipinda chapansi anapezamo khoma lonse la mabuloko a LSA, mazanamazana a mawaya, opanda ngakhale kapepala kamodzi kolembedwa. Ena anali akugwirabe ntchito, a mafoni a m'zikepe ndi a mabelu a moto, ndipo eni nyumbayo anamuchenjeza kuti asadule wamoyo ngakhale mmodzi.

"Achimwene, izi ine sindingazithe," anatero. "Ndi inu nokha."

Ndinamuuza kuti ndiona ngati ndili ndi mpata. Mpata ndinali nawo mwezi wonse. Mkazi wanga anandisitira ovolosi usiku usanagwe, ndipo m'mawa ndinali pa basi yoyamba.

Pakhomo la nyumbayo panali mlonda, bambo wachikulire wa buku lalikulu lolembamo alendo. Anandifunsa m'Chibemba kuti ndabwera kwa ndani. Ndinatchula kampani ya mlongo wanga. Anandiyang'ana nkhope, nayang'ana bokosi langa, kenako anamwetulira ngati wandizindikira.

"Oo, ndinu abale awo a ba injiniya! Mwafanana mphuno. Anati mubwera kudzawathandizako."

Ndinafuna kumuuza kuti sindinabwere kudzathandizako, ndabwera kudzachita chimene ba injiniya alephera. Koma kumbuyo kwanga kunali anthu pamzere, ndipo iye anali atandipatsa kale bolopeni. Pa malo olemba ntchito ya mlendo ndinalemba kuti wa mafoni. Ndinasaina, ndinanyamula bokosi langa, n'kutsika masitepe kupita kuchipinda chapansi. Mawayawo ananditengera masiku anayi.